Mwana tamutumiza ku tauni, nanga akawerengera pati?

Mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja amalidziwa tsiku limeneli. Mwana wapeza malo ku sekondale kapena ku koleji mumzinda, ndipo pakhomo pali chimwemwe chosakanikirana ndi nkhawa. Bambo agulitsa usipa umene unali pa thandala, mayi atapa ndalama ku banki m'khonde, amalume a ku Joni atumiza kangachepe pa foni. Tikatero timakhala pamphasa n'kuwerengetsa: fizi, yunifolomu, makope, ndalama yoyendera, thumba la ufa ndi nsomba zouma zokapereka kwa achibale amene akamusunge. Pomukweza minibasi pa Mangochi, pa Salima kapena pa Nkhotakota, timamulangiza kuti akasunge Swala, akapewe magulu oipa ndiponso akalimbikire sukulu.

Pa malangizo onsewa pali funso limodzi limene kawirikawiri timaliiwala: kodi mwanayu akakafika, azikakhala pati powerenga? Timangoganiza kuti poti ku tauni kuli magetsi ndi nyumba za malata, malo owerengera ndi osasowa. Zotsatira za mayeso zikabwera zosakoma, timafulumira kunena kuti tauni yamuwononga, kapena kuti wayamba ulesi. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma nthawi zambiri mwanayo amakhala kuti anayesetsa, kungoti chaka chonse sanapeze ngakhale maola awiri a bata.

Phokoso la kunyanja ndi la mumzinda

Kunyanja nakonso si kwa zii. Mwera ukamawomba m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mafunde amachita mkokomo usiku wonse. M'mamawa padoko pamakhala piringupiringu wa asodzi ndi ogula nsomba, injini za maboti zikulira. Komabe mwana wa ku Makanjira, ku Malindi kapena ku Chipoka akafuna kuwerenga, amangoyenda pang'ono n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kapena kuseri kwa sukulu, ndipo palibe womufunsa kuti malowo ndi a yani.

Mumzinda zinthu ndi zosiyana. Titenge Blantyre. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mumzindawu munali anthu oposa 800,000, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera othithikana monga Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Chilobwe. Achibale athu amene amalandira ana ochokera kunyanja nthawi zambiri amachita lendi chipinda chimodzi kapena ziwiri pa mdadada. Khoma ndi lopyapyala, pamwamba palibe siling'i, choncho wailesi ya woyandikana naye imamveka ngati ili m'nyumba momwemo. Chapafupi pali chigayo, owotcherera zitsulo, nyumba yoonetsera mpira ndi mafilimu, malo omwera mowa, ndi njinga zamoto za kabaza zimene sizileka kudutsa mpaka pakati pa usiku.

Pabalaza pomwe mwana angayale makope ndi pomwe banja limadyera, pomwe alendo amafikira, pomwe pali wailesi yakanema, ndiponso pomwe iye mwini amayala mphasa ena onse akapita kukagona. Mlendo sangauze eni nyumba kuti achepetse mawu. Amangotsegula buku, maso ali pa tsamba, makutu ali ku nkhani za anthu.

Zimene phokoso limachita m'mutu

Ena mwa ife timati mwana wanzeru amawerenga paliponse. Akatswiri anaifufuza nkhaniyi ndipo anapeza zina. M'chaka cha 1975, Arline Bronzaft ndi Dennis McCarthy anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo pa sukulu ina ya pulayimale mumzinda wa New York. Mbali imodzi ya sukuluyo inayang'anizana ndi njanji imene sitima zinkadutsapo pafupipafupi, pamene mbali ina inali kutali ndi phokosolo. Ana a mbali ziwirizi ankachokera m'dera limodzi ndipo ankaphunzira zofanana, koma a m'kalasi lachisanu ndi chimodzi amene ankakhala mbali ya njanji anapezeka atatsalira pa luso lowerenga ndi pafupifupi chaka chathunthu. Akuluakulu atayika mphira pa njanji ndi kukonza siling'i ya makalasi kuti izichepetsa phokoso, kafukufuku wachiwiri wa 1981 anaonetsa kuti kusiyana kuja kunatha.

Ku Germany kunachitikanso zofanana. M'chaka cha 1992 bwalo la ndege la mzinda wa Munich linasamutsidwira kumalo ena. Ofufuza anatsatira ana oposa 300 a madera onse awiri, bwalo lisanasamuke ndiponso litasamuka. Ana okhala pafupi ndi bwalo lakale anayamba kuchita bwino pa kuwerenga ndi kukumbukira phokoso litatha, pamene okhala pafupi ndi bwalo latsopano anabwerera m'mbuyo.

Kukula kwa phokoso kumayezedwa m'madesibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino, mawu awo amafika pa madesibelo pafupifupi 60. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza m'chaka cha 1999 kuti phokoso lochokera kwina lisamapitirire madesibelo 35 m'kalasi pamene ana akuphunzira. Aliyense amene anagonapo pafupi ndi msika wa Ndirande kapena siteji ya minibasi ku Limbe angathe kudziyerekezera yekha kuti ana athu amawerengera pa mlingo wotani.

Chinanso chofunika kudziwa n'chakuti maphokoso sasokoneza mofanana. Mkokomo wosasinthasintha, monga wa mafunde kapena mvula ya pa malata, ubongo umauzolowera msanga. Chimene chimasokoneza kwambiri ndi mawu a anthu, makamaka a m'chinenero chimene wowerengayo amamva: macheza, sewero la pa wailesi, nyimbo ya mawu. Munthu akamawerenga amakhala ngati akudzilankhulira chamumtima, ndiye mawu ochokera kunja amalimbirana malo ndi mawu a m'buku. N'chifukwa chake mwana amene ankawerenga bwino mwera ukuwomba kunyanja angalephere kumaliza ndime imodzi pabalaza la ku Zingwangwa pamene anthu akuonera filimu.

Laibulale ndi sukulu

Malo oyamba ofunika kuwafufuza ndi laibulale. Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la chaka cha 1967. Likulu lake lili ku City Centre mumzinda wa Lilongwe, ndipo lili ndi nthambi ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena. Ana ambiri ochokera kumudzi amaopa kulowamo poganiza kuti ndi malo a anthu ophunzira kale kapena olemera. Ndi malo a aliyense. Chofunika n'chakuti munthu wamkulu amuperekeze mwana tsiku loyamba, akafunse za kalembetsedwe ndi nthawi yotsegulira, kuti mantha achoke. Nyengo ya mayeso ikayandikira mipando imadzaza msanga, choncho wolawirira ndiye amapeza pokhala.

Amene ali ku sukulu za ukachenjede, monga MUBAS ku Chichiri, KUHeS kapena UNIMA ku Zomba, ali ndi malaibulale a pa sukulu pawo. Vuto limakhala kwa amene sanapeze malo ogona pa sukulupo ndipo akuchita lendi kutali. Akaweruka amathamangira minibasi kuopa mdima, n'kusiya bata la mulaibulale kupita ku phokoso la kumdadada. Kwa oterewa, maola opanda phunziro pakati pa tsiku ndi chuma. Ola limene mnzawo wogonera pa sukulu angalitaye pocheza, iwo sangakwanitse kulitaya.

Kwa ana a sekondale yoyendera, malo apafupi kwambiri ndi kalasi lawo lomwe. Ana akaweruka, makalasi ambiri amangokhala opanda anthu, pokhapokha ngati pali sukulu ya masana. Kholo kapena womusunga mwana atapita kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu n'kupempha kuti ana angapo azitsalira ola limodzi kapena awiri, kapena azibwera Loweruka m'mawa, pempholi silifuna ndalama. Limangofuna munthu wamkulu woti alankhule, chifukwa mwana payekha sangagogode pa ofesi ya ahedi kukapempha makiyi.

Mzikiti ndi chipinda cha madrasa

Pali malo ena amene mabanja a Chisilamu ali nawo pafupifupi m'dera lililonse la mumzinda, koma sitinawagwiritse ntchito mokwanira. Kuchokera pamene anthu abalalika pa Swala ya Subuhi kufikira nthawi ya Dhuhur, mizikiti yambiri imakhala ya zii. Zipinda za madrasa nazo zimadzaza masana ana akaweruka ku sukulu, koma m'mawa ndi madzulo mabenchi amangokhala.

Kuwerengera pa mzikiti si chinthu chachilendo m'mbiri ya Asilamu. Mzikiti wa al-Qarawiyyin mumzinda wa Fez ku Morocco, umene unamangidwa m'chaka cha 859, unakula n'kukhala malo a maphunziro amene alipo mpaka lero. Mzikiti wa al-Azhar ku Cairo, umene unayamba kumangidwa m'chaka cha 970, unali ndi makonde amene ophunzira ochokera kutali ankagonamo ndi kuwerengeramo, aliyense ndi anzake ochokera dera limodzi. Amene anakonza zimenezi anadziwa kuti mwana wobwera mumzinda amasowa pokhala asanasowe mphunzitsi.

Tikudziwa chifukwa chake makomiti ambiri amatseka zitseko Swala ikatha. Akuba anaba zokuzira mawu, makapeti ngakhale mipope ya pa malo ochitira wudhu. Bilu ya magetsi ndi ya madzi nayo imalipiridwa ndi zopereka za anthu ochepa. Nkhawa zimenezi n'zomveka, koma zili ndi mayankho ake. Komiti ingatsegule chipinda chimodzi cha madrasa pa maola odziwika, n'kukhala ndi kaundula wa ana amene aloledwa, munthu wamkulu mmodzi woyang'anira, ndi lamulo lakuti mafoni azikhala chete. Makolo a anawo angasonkhe kangachepe ka mayunitsi a magetsi. Anawo aphunzitsidwe kulemekeza malowo: kusiya mabuku nthawi ya Swala ikakwana, kusesa akamaliza, ndi kusasandutsa chipindacho bwalo la macheza.

Bata lili ndi nthawi yake

Mumzinda muli maola amene phokoso limagona. Nyumba yomwe ija imene madzulo simungamvane, m'bandakucha imakhala chete. Chigayo sichinayambe, oitanira minibasi sanafike pa siteji, wailesi ya woyandikana naye ndi yozima. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene ophunzira a Fomu 4 amakhala pa kalikiliki wa mayeso a MSCE, dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko ku Blantyre. Mwana wodzuka pa adhana ya Subuhi amakhala ndi ola lathunthu kapena kuposerapo asanayambe kukonzekera za ku sukulu. Mwana woleredwa kunyanja, kumene tsiku limayamba asodzi akamakocheza, kudzuka nthawi imeneyi si chilango kwa iye.

Koma m'bandakucha umagulidwa ndi kugona msanga. Madokotala amalangiza kuti achinyamata a zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10, ndipo n'zodziwika kuti zimene munthu waphunzira masana zimakhazikika m'mutu iye ali m'tulo. Mwana amene amadikira kuti onse achoke pabalaza cha m'ma 11 koloko usiku, kenako n'kudzuka 4 koloko, akudzibera yekha. Adzafika m'kalasi akusinza. Apa mpamene pamafunika eni nyumba: kumupezera pogona pena kuti azigona Isha ikangotha, kapena kuzima wailesi yakanema msanga masiku a sukulu.

Kuwala nakonso n'kofunika kukonzekera. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunapitirira mpaka chaka chotsatira. Banja limene linadalira babu la kudenga lokha linaona ana ake akutseka mabuku dzuwa likangolowa. Nyali yaing'ono ya sola, yotchajidwa masana pawindo, imathetsa vutoli ndipo imakhala zaka. Kandulo ndi koloboyi zatenthapo nyumba mwana atagona buku lili m'manja. Ndipo m'nyengo yozizira, mwana asayerekeze kulowetsa mbaula ya makala m'chipinda chotseka kuti aziwotha powerenga. Mpweya wa makala sununkha ndipo suoneka, koma umapha munthu ali m'tulo.

Ana ambiri masiku ano amatseka makutu ndi mahedifoni n'kukweza nyimbo kuti asamve za kunja. Kumeneko n'kuthawa mvula n'kukagwera m'nyanja. Nyimbo ya mawu imasokoneza ngati macheza omwe, ndipo kukweza kwambiri kwa nthawi yaitali kumawononga makutu. Foniyo payokha ndi phokoso lina: uthenga uliwonse wa pa WhatsApp ukalowa, maganizo amachoka pa tsamba, ndipo amatenga nthawi kuti abwerere. Malo angakhale a zii bwanji, foni ikakhala pambali pa kope, bata palibe.

Mwana wamkazi

Zonse tanenazi n'zopepukirapo kwa mnyamata. Iye angathe kutsalira ku mzikiti Isha itatha, kupita kwa mnzake, kapena kukhala pa khonde la sitolo pamene pali getsi. Mtsikana sangayende usiku, ndipo palibe kholo lingafune kuti atero. Akafika pakhomo la achibale, nthawi zambiri amasanduka wothandiza ntchito: kutunga madzi ku kiyosiki, kuphika, kutsuka mbale, kulera ana a eni nyumba. M'bandakucha umene mchimwene wake amawerenga, iye amakhala akukoleza moto wa madzi osamba. Palibe amene amamuchitira nkhanza mwadala. Ndi mmene tinazolowerera, ndipo iye sangadandaule poopa kuoneka wosayamika.

Tiyenera kukumbukira kumene tachokera. M'nthawi ya atsamunda, makolo ambiri a Chisilamu m'maboma a m'mbali mwa nyanja ankakana kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akasiya chipembedzo chawo, ndipo madera athu anatsalira pa maphunziro kwa mibadwo ingapo. Lero chopinga chimenecho chinachoka, ndipo atsikana athu akufika ku sekondale ndi ku yunivesite. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti mtsikana amene wapulumuka ku ukwati wa ubwana ku Namwera kapena ku Lifuwu akalephere mayeso ku Blantyre chifukwa cha mbale zakuda. Mzikiti wa al-Qarawiyyin tautchula uja anaumangitsa ndi mayi, Fatima al-Fihri, pogwiritsa ntchito chuma chimene bambo ake anamusiyira. Komiti iliyonse yotsegula chipinda chowerengera iganizire atsikana poyambirira: maola a masana, mbali yawoyawo, ndi mayi wodalirika wowayang'anira. Magulu a amayi a dawa, amene amadziwa kusonkhanitsa anthu pa maliro ndi pa zikondwerero, angathe kuisenza ntchito imeneyi mosavuta.

Udindo wa otumiza ndi wa olandira

Mawu a akulu amati safunsa anadya phula. Tisanamukweze mwana minibasi, tiyeni tikambirane momasuka ndi achibale amene akamusunge. M'nyumbamo mumagona anthu angati? Mwana azigona pati, ndipo aziwerengera pati? Ntchito zapakhomo zimene azigwira ndi ziti, ndipo zizitha nthawi yanji? Kodi laibulale, sukulu kapena mzikiti zili pa mtunda woyenda pansi? Mafunso amenewa ena angawaone ngati kusakhulupirira abale, koma akafunsidwa mwaulemu pachiyambi amapewetsa kukhumudwitsana kumapeto. Ngati n'kotheka, kholo limodzi lipite likagone usiku umodzi m'nyumbamo. Zimene makutu adzamva usiku umenewo palibe angazifotokoze pa foni.

Pa ndalama zimene timapatula, nyali ya sola, katebulo kakang'ono ndi mpando ziwerengedwe pamodzi ndi yunifolomu. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi fizi ya chaka chobwereza kalasi. Ndipo tikamamuimbira foni mwana, tisamangofunsa ngati akudya bwino ndi ngati akupita ku Ijumaa. Timufunsenso kuti dzulo anawerengera pati, kwa nthawi yaitali bwanji. Akayamba kuzengereza poyankha, tidziwe kuti pali nkhani.

Kwa inu a mumzinda amene mwatsegula makomo anu kulandira ana a abale, ntchito imene mukugwira ndi yaikulu, ndipo ambiri mumaigwira m'nyumba zopanikiza ndi malipiro osakwana. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chimene tikupempha si chipinda chapadera, poti tikudziwa kuti palibe. Ndi maola awiri okha pa tsiku amene banja lonse lagwirizana kuti wailesi ikhala yozima, alendo achezera panja, ndipo mwana satumidwa ku msika. Ana anu omwe adzapindula nawo maola amenewo.

Teremu ina ikubwera, ndipo minibasi za ku Monkey Bay, ku Senga Bay ndi ku Dwangwa zidzanyamulanso ana ndi zikwama zawo. Mtsikana kapena mnyamata aliyense m'menemo wasenza thukuta la banja lonse, ndipo akudziwa zimenezo. Pomutsanzika, titamuuza kuti akalimbikire, tikhale titadziwa kale mpando umene akakhalepo ndi ola limene akatsegule buku.